Tulo ta Silia

Mwana wa mlongo wanga sindinamuzindikire. Ndinamupatsa moni waulemu umene timapatsa amayi a mumpingo, ndipo ndinali nditamudutsa kale pakhonde pamene anati, "Azakhali, ndine Silia." Chikwama chinandipulumuka m'manja.

Zaka zonse zimene ndinakhala ku Sydney, ndikusanja mabuku m'laibulale ya eni ake, chithunzi cha Silia chinali pachitseko cha firiji yanga: kamtsikana kotalika, kowonda, kali m'malere kuwakha mpira wamanja. Amene anaima pakhondepo anali wina. Khosi linali litamira m'mapewa, manja atatupa, ndipo pansi pa maso panali mdima ngati wa munthu amene wachezera maliro sabata yathunthu. Chaka chachiwiri ku yunivesite, mwana woyamba m'banja mwathu kufika kumeneko.

Sindinene kuti ndi iye yekha amene anasintha. Nuku'alofa, mzinda wa kwathu kuzilumba, imene ndinaisiya inkanunkhira utsi wa makoko a kokonati ndi nsomba zowamba. Imene ndinaipeza inkanunkha mafuta okazingira kachitatu. Ndinachoka anthu akudya zimene avuula okha m'nyanja. Ndinabwera golosale iliyonse ili ndi firiji yodzaza nthiti za nkhosa zamafuta okhaokha, zimene eni nkhosawo kwawo sazikhudza n'komwe. Koma zimenezo ndinali nditazikonzekera, ndinkaziwerenga ndili kutali. Za Silia palibe anandiuza.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anafukula chakudya m'dzenje lophikiramo, tinakhala pamikeka. Mlongo wanga Metui anapemphera pemphero lalitali ngati la masiku a bambo athu. Pomwe ankati ameni, Silia anali atagona chokhala, chilazi chili m'dzanja, mutu uli pachifuwa. Palibe anaseka. Onse anayang'ana m'mbale zawo.

Mlamu wanga Siosi'ana, mkazi wa Metui, anandikodola, tinapita kuseri kwa thanki ya madzi.

"Alamu, mwadzionera nokha eti?"

"Ndaona mwana wotopa."

"Wotopa! Inu a ku Sydney mawu anu mumachita kuwachapa ndi sopo. Mwanayo ali ndi pakati."

Ndinagwira thankiyo. "Wakuuzani yekha?"

"Andiuze chiyani, maso ndilibe? Masiketi onse athina. Amagona paliponse, ngakhale abusa ali pakati pa ulaliki. Ndamupezapo akudya nyama ya m'chitini ndi supuni, choimirira, ngati wakuba. Ndiponso zovala m'nyumba muno ndimachapa ndine. Miyezi ina imadutsa osaona kanthu."

"Mwini wake ndani?"

"Sefita."

"Sefita uti? Amene ndinali naye kalasi imodzi? Uja ankadya choko?"

"Musatero, ndi mkulu wa mpingo tsopano. Ali ndi minibasi. Mayi akunyumba kwake anatisiya. Ndiye amamubweretsa kuno pochokera kumene amuna amamwera kava, chakumwa chathu chija cha mizu."

"Ndiye wavomera kuti ndi yake?"

"Sanakane. Amalume ake a mwanayu atapita kukamukhudza nkhaniyi, anangoseka n'kunena kuti nkhumba ali nazo." Siosi'ana anakonza mkeka wake, umene kwathu timavala m'chiuno. "Loweruka lino akubwera kudzaonekera, linalo ukwati. Za yunivesite ndiye zathera pomwepo, sangamakhale m'kalasi ndi chimimba anthu n'kumatiloza. N'chifukwa chake tinakuitanani. Ukwati wopanda azakhali pamwamba ndi ukwati ngati?"

"Pafoni munati kuli phwando."

"Nanga ukwati si phwando?"

Ndinafunsa kuti Metui akuti chiyani. Mlamu wanga anandiyang'ana ngati ndavula pamsika.

"Mukufuna mukamufunse inuyo? Mwaiwala kwanu?"

Sindinaiwale. Kwathu munthu ndi mlongo wake sakamba za mimba, za kuchipinda, ngakhale za chibwenzi cha nkhuku. Pa kanema anthu akangoyandikizana milomo, mmodzi wa inu amadzuka n'kutuluka. Bambo nayenso safunsa mwana wake wamkazi zoterezi. Choncho Metui sakanafunsa Silia, sakanandiuza ine, ndipo mkazi wake anali ndi maso. Ukwati wonse unamangidwa pamenepo.

Lolemba ndinabwereka galimoto kwa mnzanga wakale n'kunena kuti ndimuperekeza Silia kusukulu. Tisanafike n'komwe pamseu waukulu anali atagona, tsaya lili pagalasi. Mkonono wake unandiopsa: unkakwera, n'kuduka zii ngati munthu wasiya kupuma, kenako n'kudzambatuka ndi befu. Ndinayendetsa pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira.

Pasukulupo tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Anzake anali mbwee pa udzu, ena atatsamira zikwama, maso ali gwa, aliyense ali ndi botolo la zotsekemera ndi kapepala ka mandasi. Silia anagula ake asanu n'kuyamba kudya osawayang'ana.

"Iwe, umagona nthawi yanji?"

Anaseka. "M'basi."

"Ndikufunsa zenizeni."

"Zenizeni ndi zomwezo, azakhali. M'basi popita, m'basi pobwera. Ndi m'kalasi ya a Fifita, chifukwa amazimitsa magetsi poonetsa zithunzi."

"Nanga usiku?"

"Usiku ndine tou'a, wotungira amuna kava. Bambo anandipereka kukalabu ya kava ya mpingo wathu chaka chatha. Akumanga holo. Akuti mtsikana wa ku yunivesite akakhala pambale ya kava, amuna amabwera ngakhale a m'midzi ina."

"Kangati pa sabata?"

"Kupatula Lamlungu."

Inenso ndinakhalapo tou'a ndili mtsikana, koma nthawi imeneyo zinali za apo ndi apo. Mnyamata ankabwera ndi anzake kudzapempha kwa bambo, iwe n'kukhala pamkeka miyendo utapindira kumbali, n'kumawatungira kava m'zikho uku akuimba. Mawa lake amayi ankakusiya ugone mpaka dzuwa litakwera. Tinkaziona ngati ulemu. Sindinadziwe kuti ulemu uja anausandutsa ntchito ya tsiku ndi tsiku yopanda tchuthi.

"Sungadzuke mpaka womaliza atanyamuka," Silia anapitiriza. "Ndiye pali agogo ena ake, aja sanyamuka mpaka atambala alire. Iwo kava imawagonetsa, amakadzuka masana. Ine sindimwa, ndimangotunga. Ndikafika kunyumba belu la mapemphero a mbandakucha likulira, ndipo kwaya ilibe wina wa mawu apamwamba. Ndikabwerako tiyi wa bambo, kenako basi."

"Mpira unasiya?"

"Ndithamange ndi miyendo iti?" Anatenga ndasi lina. "Chimene chimandinyansa n'chakuti ndikudziwa chikuchitika. Ndikapanda kugona, m'mimba simumva kukhuta. Ndipo sikuti mumafuna papaya ayi, mumafuna zamafuta, zashuga, buledi wopaka batala mbali zonse. A Fifita anatiphunzitsa zomwezi, kuti tulo tikachepa njala imakula, thupi n'kumasunga chilichonse, ndipo ukanenepa tulo timene watipezato timakhalanso toduladula. Anati amene amagona mokwanira akweze dzanja. Akuti m'kalasi monse anakweza awiri."

"Akuti?"

"Ndinachita kuuzidwa. Ndinali m'tulo."

Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"Nanga za Sefita ukuziona bwanji?"

"A Sefita atani?"

"Za ukwati."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Azakhali, a Sefita amandikwatira tsiku lililonse! Onse aja amandikwatira. Wina akuti andigulira boti, wina akuti asiya mkazi wake Lachinayi. Ndi macheza a pa kava, mukuwadziwa. Ntchito ya tou'a n'kuseka basi. Tsiku lina a Sefita anati, ‘Ndiye ndibweretse nkhumba liti?’ Ine ndinati, ‘Zikanenepa ngati ine.’ Holo yonse inagwa nacho chiseko."

"Mikeka yaunjikidwa kuchipinda kwa amayi ako ija ndi yachiyani?"

"Yolandirira inu."

"Nsalu ya makungwa yaitali ija?"

"Yanunso. Ndinajambula nawo ndekha, mbali ya nkhunda ija ndi dzanja lang..."

Anaima. Anandiyang'ana. Ndasi linagwera pa udzu.

"Akuti uli ndi pakati, Silia. Akuti ndi pa Sefita. Loweruka lino akudzaonekera, linalo ukwati, ndipo kuno sudzabweranso."

Ndinkayembekeza kulira, kapena kulumbira pa Baibulo. Chimene chinatuluka ndi kamawu kakang'ono, kodabwa zenizeni.

"Ine? Nthawi yake iti, azakhali? Ndikanaipeza kuti nthawi?"

Tsiku limenelo sanalowe m'kalasi. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa ndimawadziwa anthu akwathu: mawu a mtsikana salemera. Namwino wake anali mayi wamkulu wosanyengerera. Atamuyeza zonse anavula magalasi.

"Mwana mulibemo umu. Muli mandasi." Anatembenukira kwa Silia. "Koma usasekerere. Magazi akuthamanga ngati a agogo ako, ndipo shuga waima pakhomo akugogoda. Kusamba kwasokonekera chifukwa thupi lasokonekera. Umagona?"

"M'basi," ndinamuyankhira.

"Ndiye mankhwala oyamba ndi bedi. Za chakudya tikambirana ukadzabweranso uli maso."

M'galimoto Silia anandigwira mkono. "Chonde musakanene pamaso pa bambo. Uzani amayi, iwo akapeza njira."

Ndinachita momwemo. Ndinamupeza Siosi'ana akupala kokonati kuseri, ndinamuuza zonse. Ndinkaganiza kuti agwetsa mbale, alira, athokoza Mulungu. Anasiya kupala kwa kanthawi, nkhope itachita phulusa, kenako anayambiranso.

"Zachedwa, alamu."

"Zachedwa bwanji? Mwanayo alibe mimba!"

"Tsitsani mawu. Abusa auzidwa. Achibale a ku chilumba cha Vava'u akwera kale sitima. Mudzi wonse ukudziwa chifukwa chake tikufulumira, ngakhale palibe wanena. Lero tikati ukwati kulibe ndipo mwana osabadwa, anthu adzati chiyani? Adzati azakhali ake a ku Sydney anabwera n'kupita naye kuchipatala. Mukundimva? Adzati wachotsa."

Zinali zoona: galimoto yobwereka ija anthu anaiona pachipatala.

"Ndiye mumukwatitse kwa nkhalamba chifukwa cha mimba imene kulibe?"

"Sefita si munthu woipa. Akakwatiwa adzasiyanso za kava, adzagona. Si zimene mukufunazo?"

"Metui mumuuza?"

"Ndimuuze kuti tinalakwitsa, iye atagwirana kale chanza ndi anthu? Mumufuna wamoyo mlongo wanuyo?"

Masiku otsatirawo ndinkangomuyang'ana Metui. Ankandipatsa mutu wa nsomba, ankatsitsa maso ndikamalankhula, ankachoka pakhonde ndikafika kuti ndikhale pampando wabwino. Ulemu wonse umene mlongo amapatsa mlongo wake. Ndili mtsikana ulemu umenewu unkanditsamwitsa, ndipo ndi china mwa zimene ndinathawa. Ndili kunja ndinkaulira. Anthu a kumene ndinali amatukwanizana ndi alongo awo patebulo, ndipo ndinkati m'mtima, ife tili ndi chinthu chimene awa alibe. Tsopano chinthucho chinali chitaima pakati pa ine ndi iye ngati khoma, mwana akumira kuseri kwake.

Loweruka masana a kwa Sefita anafika. Nkhumba yaikulu yootcha anainyamula amuna anayi, pambuyo pake madengu a zilazi ndi muzu wa kava wautali ngati mwana. Sefita anavala malaya oyera othina pamimba, tsitsi atalidetsa ndi mankhwala mpaka m'makutu. Ine anandikhazika pamwamba, pamulu wa mikeka yosalala, monga azakhali. Silia anamukhazika pambali panga atamudzoza mafuta onunkhira, maso ali pansi. Metui anakhala moyang'anana nane, patali.

Wolankhulira a kwa Sefita anayamba zake zamaluwa, za mbalame imene yaona duwa m'munda wa eni. Atamaliza, anthu onse anatembenukira kwa ine kuti ndilandire.

"Sefita," ndinatero.

"Akanesi, mwana wa sukulu yathu! Sydney yakukonda, sunakalambe."

"Iwe wakalamba. Ndiyankhe pamaso pa anthuwa. Unayamba wamukhudzapo mwanayu?"

Wina anagwetsa chikho. Sefita anaseka, akuyang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza.

"Aa, Akanesi, nkhani zimenezo pano? Alongo ako ali apa."

"Ndikuwaona. Yankha."

"Ine... ine ndimangomuperekeza. Amagona njira yonse, ndimachita kumudzutsa ndi huta pageti." Anapukuta thukuta, chala chinada ndi mankhwala a tsitsi. "Anthu atabwera kudzandiuza kuti pali nkhani, ndinati mwina ndi ya mnyamata wina wa kusukulu amene wathawa. Ndinati ndimubisire manyazi. Komanso iye anavomera yekha, anthu anamva."

"Anaseka. Tou'a amaseka. Amayi ako anasekapo amuna makumi angati asanakwatiwe ndi bambo ako?"

Kumbuyo kunamveka kachiseko kamene kanafera m'khosi. Pamenepo ndinatembenuka n'kuyang'ana mlongo wanga m'maso, chinthu chimene sindinachitepo chikulire.

"Achimwene, mwana wanu alibe mimba."

Mawu amenewo, m'nyumba ya bambo athu, kuchokera pakamwa panga kupita m'khutu mwake. Amayi ena achikulire anaphimba nkhope ndi chitenje. Siosi'ana anati, "Mayo ine!" Asuweni aamuna anadzuka n'kutuluka mothithikana pakhomo, ngati nyumba yagwira moto. Metui anayamba kudzuka nayenso, nkhope itasanduka ya munthu wina.

"Khalani pansi. Ndayamba kale, ndimalize, mudane nane kamodzi. Sanagonepo ndi mwamuna. Sanagonepo n'komwe, chaka chathunthu. Thupi mukulionali si la mwana wa m'mimba, ndi la holo yanu ija. Mwamukhazika pambale ya kava mpaka atambala, mwamuimbitsa kwaya mbandakucha, mwamutumiza kusukulu ndi mandasi m'manja, ndipo atatupa mwamupezera mwamuna. Shuga wamuyamba. Kafunseni kuchipatala, poti galimoto yanga munaiona kumeneko."

Metui sanakhale pansi, sanatulukenso. Anayang'ana mwana wake, mwina koyamba m'miyezi yambiri, pakuti munthu ukamachita manyazi ndi chinthu suchiyang'ana.

"Silia," anatero ndi mawu osweka. "Bwanji sunanene kuti watopa?"

"Munati ndi ntchito ya Mulungu, bambo."

Ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira nkhumba ija.

Ndinadziwa kuti zikathera pamenepa, Lolemba wina adzabwera kudzapempha kuti mwanayo akathandizeko kamodzi kokha, holo ili pafupi kutha, ndipo Metui sadzatha kukana. Kwathu azakhali akalowa m'nyumba ya mlongo wawo pamwambo, amatenga chimene maso awo akonda, ndipo palibe amatsegula pakamwa. Mwambo umenewu ndinkaunyoza kwa anzanga a ku Sydney, ndinkautcha umbava wovala mkeka. Ndinaimirira.

"Ndatopa, ndikupita. Nditenge changa."

Siosi'ana, misozi ili m'masaya, anayamba kukoka mkeka wosalala kwambiri uja, wa agogo athu.

"Usiyeni. Nsalu ya makungwa isiyeninso, ngakhale akuti inali yanga." Ndinagwira dzanja la Silia. "Ndatenga uyu. Akhala kwa ine mpaka atamaliza sukulu. Wofuna tou'a adzapemphe kwa ine, ndipo ndikuuziranitu yankho."

Palibe anatsegula pakamwa. Tinadutsa pakati pa madengu a zilazi, Sefita anachita kusuntha miyendo kuti tidutse.

Kanyumba kamene ndinachita lendi nditangofika kali kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi dambwe limene tinkatolamo nkhono tili ana, limene tsopano ladzaza mapepala apulasitiki. Silia anagona dzuwa lisanalowe, osavula ngakhale mkeka wa m'chiuno. Belu la mbandakucha linalira, sanatembenuke. La tchalitchi linalira, ndinatseka zenera. Anadzuka masana, anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana madzi, kenako anati, "Azakhali, sindikumva njala." Anazinena mwamantha, ngati ndi matenda atsopano.

Sindinama kuti thupi linabwerera msanga. Miyezi yadutsa, ku Sydney sindinabwerere, masiketi akale akadali m'sutikesi, ndipo namwino uja akadamukalipirabe za buledi. Koma mkonono wodukaduka uja wachepa, mayeso analemba ali maso, ndipo madzulo ena amapita kubwalo kukaponyerana mpira ndi ana a sekondale amene amamutcha agogo. Za kuchotsa mimba zinanenedwa ndithu, monga ananenera mlamu wanga. Kutchalitchi benchi imene ndimakhala imakhala ndi malo ambiri. Holo ija ilibe denga mpaka lero, ndipo aliyense akudziwa kuti wolakwa ndi mayi wa ku Sydney wopanda mwambo.

Metui sanandilankhulepo chichokere tsiku lija. Tikakumana pamseu amawolokera tsidya lina, ndipo sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena ndi ulemu womwe uja. Koma Loweruka lililonse m'mawa ndimapeza dengu pageti: zilazi, masamba a koko, nsomba za m'nyanja zikadali zonyowa. Nthiti za nkhosa mulibe. Mlongo wanga ndi munthu woti akafika ndi galimoto yake pageti la aliyense amaliza huta mpaka agalu a mudzi wonse adzuke. Loweruka lapitali ndinalawira ndipo ndinamuona pazenera. Anazimitsa injini ali kutali, pafupi ndi mtengo wa mango wa anansi, n'kubwera wapansi dengu lili paphewa, nsapato zili m'manja.